Mbali Ino ya Msewu

Kalata inafika Lachiwiri, mvula ikuopseza.
Tikambenji wapeza malo, giredi fili,
sukulu ya mpanda wobiriwira ku Kaunda Square.
Ife tikukhala ku Matero.
Mkazi wanga anaiwerenga kawiri, naipinda bwinobwino,
nati, Ndiye kuti tikusamuka.
Silinali funso.

Loweruka ndinavala nsapato zanga za kumaliro
kuti eni nyumba aone munthu wolipira pa tsiku lake.
Ejenti, a Sakala, makiyi ali wejeweje m'thumba,
anayamba andilipiritsa ndalama yongoonera chitseko.

Nyumba yoyamba inali cha ku Chainama.
Matailosi pansi, mtengo wa mapeyala pabwalo,
thanki ya madzi ili njo pamwamba pa zitsulo.
Ndinatsokomola m'chipinda chopanda kanthu
makoma nandiyankha mwaulemu.
Mumtima ndinali nditaika kale firiji pakona,
nditakhoma kale msomali wa kalendala.

Koma pakati pa geti ndi sukulu
pagona msewu waukulu,
uja wa malole opita ku Chipata,
uja minibasi zimaima paliponse
pamene kondakitala waona dzanja.
Ndinaima m'mphepete mwake mphindi zisanu ndi ziwiri,
ine wandevu zanga, kudikira mpata.
Mwana wanga amayenda akuwerenga zikwangwani mokweza,
amaima pakati pa njira kumanga chingwe cha nsapato.

A Sakala anati, Ana amazolowera, bwana.
Ndinawayang'ana. Anayang'ana foni yawo.

Ina ija sanafune n'komwe kundionetsa.
Zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya mwini,
mpopi umodzi, mabanja atatu,
madzi amabwera atambala asanalire, akafuna.
Kuseri kwa mpanda mnyamata amawotcherera mageti,
magetsi akabwera usiku, nayenso ntchito usiku.
Denga lili ndi banga lofanana ndi mapu a dziko lina.
Kabati ya malemu apongozi singalowe pakhomo
pokhapokha titaichotsa miyendo.

Ndinatuluka osanena kanthu,
ndinayamba kuwerenga mapazi.
Kudutsa mayi wogulitsa tomato pa thebulo lopendekeka,
kudutsa tchalitchi cha malata, kudumpha ngalande imodzi,
galu wogona amene sanatukule ngakhale khutu,
okonza njinga, kenaka mpanda wobiriwira.
Mazana asanu ndi atatu, kudza khumi ndi awiri.
Galimoto imene ndinakumana nayo ndi imodzi yokha,
nayonso inali pa miyala, yopanda matayala.

Usiku tinakhala ndi pensulo, ine ndi Esinala.
Iye anati, Nanga iwe, ntchito ku Chinika?
Mabasi awiri kupita, awiri kubwera.
Ndinati ndidzadzuka folo koloko.
Anati, Nanga makasitomala anga osoketsa zovala?
Zaka zisanu ndi zinayi ndikuwasonkhanitsa.
Apo ndinalibe yankho.
Makina ake osokera anali pakona, atafundidwa chitenje,
ngati mlendo amene akumva zonse.
Tinawerenga lendi, tinawerenga za basi,
tinafufuta mpaka pepala linabooka.
Mapeyala aja sindinawatchule.

Anafunsa chimodzi chokha pomaliza:
Ili mbali iti ya msewu?
Ndinati, Mbali ya sukulu.
Anazimitsa kandulo ndi zala.

Tinasamuka pa kenta ya mnzanga, mwezi ukutha,
matiresi pamwamba, kabati ili chagada, miyendo m'chidebe.
Aneba a ku Matero anaima pageti
mpaka tinakhota pa msika.

Lolemba sindinapite ku ntchito msanga.
Ndinaima pangalande, manja m'thumba,
kuyang'ana chikwama chachikulu kuposa msana
chikugwedezeka kupita ku mpanda wobiriwira.
Sanacheuke.

Madzulo anandipeza ndikutunga madzi a mawa.
Adadi, munalakwitsa, anatero.
Ndi chikwi chimodzi ndi mazana atatu.
Ndawerenga ndekha.